Chitseko cha Kuchipinda kwa Mapasa

Tsiku limene analengeza kuti aliyense abindikire pakhomo chifukwa cha mliri, mayi a mapasa anamvera pa wailesi ali kushopu kwawo, akupinda mpendero wa diresi la mkwatibwi. Anaumaliza mpenderowo bwinobwino, n'kukulunga makina awo osokera m'bulangete, n'kuitana wa njinga.

"Mukuvutikiranji, asisi? Ukwati wake uchitika ngati?" anafunsa telala mnzawo wa shopu yoyandikana, uku akukhoma loko.

"Ukwatiwo udikira. Koma manja angawa kukhala chabe sadziwa," anayankha mayiwo, n'kukwera njinga makina ali pamiyendo.

Kunyumba anapeza kuli thithithi. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri ndi balaza, mumdadada wa nyumba zogundizana. Amuna awo, mphunzitsi wa masamu kusekondale, anali atauzidwa kuti aziphunzitsa pa foni. Mapasa, atsikana awiri osatha phokoso, sukulu yawo inali itatsekedwa. Ndiye panalinso apongozi, bambo a amuna awo, kalipentala amene analeka ntchito chifukwa cha ukalamba. Iwowa anangobwera kudzaonetsa maso kuchipatala, koma pofuna kubwerera kwawo anapeza mabasi ataleka kuyenda.

Zina zonse mayi a mapasa anazilongosola tsiku lomwelo. Anaika ndowa ndi sopo pakhomo, ana anawauza kuti mpanda ndiwo malire, ndipo kogula zinthu anati azipita iwo okha. Chinawakanika ndi tebulo. M'nyumba monse linalimo limodzi lokha, ndipo aliyense ankalifuna.

M'mawa aphunzitsi ankatsamiritsa foni ku chitini cha shuga n'kuyamba: "Ana inu, tikasamutsa nambala iyi kupita nayo mbali inayi…" Pomwepo kumapeto kwa tebulo makina ankayamba kulira, foni n'kumanjenjemera mpaka kugwa chafufumimba.

"Aphunzitsi, kodi muli kuchigayo?" anafunsa mwana wina pa foni tsiku lina, anzake onse n'kufa nacho chiseko.

"Amayi a mapasa, mphindi zochepa chabe, chonde," anatero aphunzitsi atatseka foni ndi dzanja.

"Mphindi zanu zochepazo zayamba ndisanamwe tiyi, abambo. Anesi akudikira mamasiki awo."

Anesiwo anali a nyumba yoyandikana. Ndiwo anawapempha kudzera pawindo kuti awasokereko mamasiki a nsalu, a iwo ndi anzawo a kuntchito, poti m'masitolo anali atatha. Mapeto ake mayi a mapasa anatsitsa makina n'kumasokera pa mpando, iwo atakhala pansi. Pofika madzulo msana unkachita kuwotcha.

Apongozi ankangoona zonsezi ali pa mpando wawo wa pawindo, manja ali pamaondo. Sankadandaula, koma chakudya anayamba kusiya chambiri m'mbale. Mwana wawo akawafotokozera za matendawa, kuti akuvuta kwambiri achikulire, iwo ankangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kuyang'ana msewu wopanda anthu.

M'mawa wina mayi a mapasa akutuluka ndi beseni la zochapa, anawapeza mkuluyo pageti. Anali atavala jekete ndi chipewa, nsapato zopukutidwa bwino, chikwama chili m'manja. Mayiwo anatula beseni pansi modekha.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ulendowu ndi wa kuti?"

"Ndikaone kudepoti. Mwina ndipezako galimoto ya katundu."

"Kodi takulakwirani?"

"Ayi, mwana wanga, mwandisunga bwino. Koma kwathu ndikadzuka ndimadziwa chochita. Kuno ndangokhala ngati thumba loiwalika m'basi. Inu mukusokera pansi, ana akulembera pabedi, ine ndadzaza balaza lonse ndi miyendo yangayi."

Mayi a mapasa anadziwa kuti za matenda mkuluyo wazimva mpaka kutopa nazo. Kuwagwira dzanja sakanatha, kuwakalipira ndiye nkosayamba n'komwe. Anayang'ana zikhatho za apongoziwo, zokhakhala ngati khungwa, ndipo ananena chimene chinali m'mutu mwawo kwa masiku angapo.

"Musanapite, bambo, mundithandizeko nzeru. Chitseko cha kuchipinda kwa ana chija, chokana kutsekeka chija, chingakhale tebulo?"



"Chitseko chija chilibe mlandu," anatero mkuluyo. "Thabwa lake ndi labwino. Anachipachika ndi munthu waulesi."

"Ndiye chingatheke?"

"Miyendo muitenga kuti?"

"Kuseri kuli bedi lothyoka lija."

"Nanga eni nyumba?"

"Amenewo asiyireni ine."

Apongozi anayang'ana kumsewu, kenaka anayang'ana kunyumba. "Ndikachione kaye," anatero, n'kubwerera. Mayi a mapasa anayanika zovala zawo zonse osathamanga.

Zida zinali zochepa: hamala, sikuludiraiva ndi sowo yobuntha imene anabwereka kwa aneba a kumbuyo. Inadutsa pamwamba pa mpanda, ndipo mayiwo anaitsuka ndi sopo asanaipereke. Apongozi anavula jekete, n'kupinda manja a malaya. Poti maso sankaona bwino mizere, anaitana mwana wawo.

"Iwe, ukamaliza kulankhula ndi chitini cha shugacho ubwere kuno."

Aphunzitsi anapita akuseka. Anagwira sowo, n'kuponda thabwa ndi bondo, n'kuyamba kucheka motsata chala cha bambo awo. Mayi a mapasa, amene pa zaka zonse za ukwati anali asanawaonepo amuna awo atagwira sowo, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Kani sunaiwale," anatero mkuluyo.

"Ndingaiwale bwanji? Tchuthi changa chonse chinkathera m'utuchi."

Anacheza zambiri tsiku limenelo, za mabenchi a tchalitchi amene anakhoma limodzi kalekale, ndi za kasitomala wina amene anakana kabati ati chifukwa inkanunkha mtengo. Chitsekocho sanachikhome msomali ngakhale umodzi. Anapanga timiyendo tiwiri topingasa n'kuchigoneka pamwamba, kuti tsiku lina chidzabwerere pamalo pake chili chonse. Chingwe cha makina anachidutsitsa pa bowo la loko. Tebulolo analiika pakhonde la kuseri, kutali ndi foni ya aphunzitsi, ndipo pakhomo la mapasa mayi awo anapachikapo katani ya maluwa. Eni nyumba atawaimbira anangoti, "Bola chisathyoke."

Atakhala pa tebulo latsopanolo, mayi a mapasa analigwedeza ndi manja onse awiri. Silinasunthe. Anapondereza makina mpaka kumapeto, ndipo kuchokera pabalaza mawu a amuna awo ankamveka akuphunzitsa mosadodoma.

Ntchito inayenda. Apongozi anasema kathabwa kofanana ndi masiki kuti nsalu izidulidwa mofanana, ndipo iwo omwewo ndiwo ankadula lasitiki. Mapasa ankatembenuza mamasiki osokedwa, uku akukangana kuti wachita ambiri ndani. Pa chakudya chamasana mkuluyo anayamba kufunsa ngati mumphika mwatsalako.

Sikuti mantha anatheratu. Sabata yotsatira anesi aja anayamba kutsokomola, ndipo anauzidwa kuti adzitsekere m'nyumba. Mdadada wonse unangoti zii, anthu n'kumadutsa pakhomo pawo chothamanga. Mayi a mapasa nawo anakhala pa makina kwa kanthawi osasoka, akuganiza za mamasiki amene anapatsirana nawo pawindo. Kenaka anadzuka, n'kuphika, n'kukaika mbale yovundikira pakhonde la anesiwo, n'kugogoda ndi ndodo ya tsache.

"Anesi! Chakudya chili pakhomopa. Mbaleyo musabweze, tili nazo zambiri."

"Simukundiopa, mayi a mapasa?" anafunsa mawu ofooka m'katimo.

"Ndikukuopani kwambiri, n'chifukwa chake ndaima kuno. Idyani chisanazizire."

Anachita zimenezo tsiku ndi tsiku mpaka anesiwo anayamba kutsegula windo n'kumadandaula kuti mchere wachepa. Apo mayi a mapasa anauza a m'nyumba mwawo kuti munthu uja wachira.

Mbiri ya tebulo inali itadumpha kale mpanda. Masana ena aneba a kumbuyo anakweza mpando wothyoka mwendo pamwamba pa mpandawo.

"Mayi a mapasa, tapemphaniko agogowo atione kampandoka."

Apongozi anali kalikiliki kukonza shelefu ya kukhitchini, pensulo ili kukhutu. Anauyang'ana mpandowo chapatali, n'kupukusa mutu.

"Auzeni autsitsire pomwepo, muutsuke. Koma asayembekezere lero, ntchito yandichulukira."

Mayi a mapasa anaulandira mpandowo, n'kupita nawo pampopi.