Ndevu za Kumanzere

A Lumo anakankhanso mbale nyama ili momwemo. Mpunga anadya mbali imodzi yokha, mowongoka ngati wina waudula ndi mpeni, ndipo nthuli zitatu zinangokhala mbali inayo, msuzi utayamba kuundana.

"Masiku ano tikudya mpunga wouma, achemwali," anatero ali pabedi, akupukuta pakamwa. "Ndiwo m'nyumba muno zinapita kutchuthi."

Achemwali awo, amene anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, sanaseke. Anayang'ana mbale, kenako anayang'ana Singano, mkazi wa mchimwene wawoyo. M'chipindamo munalinso amayi awiri oyandikana nawo nyumba amene anabwera kudzazonda matenda. Onse awiri anayamba kuyang'ana zala zawo.

"Nyama si iyo, bambo?" Singano anafunsa motsitsa mawu.

A Lumo sanatembenuke n'komwe. Achemwali awo anatenga nthuli imodzi ndi supuni, nawafikitsira pakamwa. Munthu uja anatafuna ndi chimwemwe chonse.

"Za m'manja mwanga akudya," anatero achemwaliwo, osayang'ana aliyense. "Kaya zinazi."

Singano anatola mbale n'kutuluka.

Iye anali telala, ndipo amuna ake anali ometa tsitsi. Mayina awiriwa anawapatsa ndi makasitomala, ndipo a Lumo ankakonda kuuza alendo kuti m'nyumba ya Lumo ndi Singano munthu asalowe wopanda nsapato. Sitiroko inawagwira ali pantchito, makina ometera ali m'manja. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafooka, koma pakamwa panatsala pabwinobwino. Tsopano panali patatha milungu itatu chitulukireni m'chipatala.

M'chipinda chawo chitseko ndi windo zinali kudzanja lamanja la wodwala. Kumanzere kwa bedi kunali kakona, ndipo Singano anasamutsirako makina ake osokera kuti azigwira ntchito ali pambali pa amuna ake. Ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Akawalankhula, iwo ankayankha akuyang'ana kuwindo, mwinanso osayankha. Makina akamalira ankafunsa kuti akusoka ndani panjapo. Koma alendo akalowa pachitseko, nthabwala zinkabwerera zonse.

Choipa kwambiri chinkachitika Singano akatuluka kukatenga tiyi. Akamalowanso pachitseko, a Lumo ankamuona, n'kufunsa pamaso pa anthu: "Iwe, unali kuti tsiku lonse? Munthu wodwala mumamusiya yekha chonchi?"

Akanayankha chiyani? Mkazi wotsutsana ndi wodwala pamaso pa alendo amaoneka woipa kawiri. Ankangoika kapu patebulo. Pampopi amayi anayamba kusiya nkhani akamuona akubwera.

Tsiku lina masana m'milungu yomweyo, atatsala awiri, mtima unamukwera. "Mukundinamiziranji, bambo? Ndinakulakwirani chiyani?" Analanda mbale ija chakudya chili theka, n'kukataya. A Lumo anakhala ndi njala mpaka madzulo, akudandaula ngati mwana. Zimenezi Singano sanauze munthu. Ngakhale namwino amene anawayeza kuthamanga kwa magazi sabata yotsatira atafunsa ngati kunyumba kuli vuto lililonse, iye anayankha kuti kulibe. Ukayamba bwanji kuuza mlendo kuti mwamuna wako akukana nyama yako?

Lachitatu achemwali aja anamuitanira pakhonde.

"Alamu, ine sindizungulira. Loweruka ndibwera ndi galimoto, achimwene ndikawasamalire kwathu. Inu muzisoka momasuka."

"Ndimakhala nawo tsiku lonse, alamu."

"Eni ake akunena zina. Ndimve za ndani?"

Lachinayi linali tsiku lawo loyamba kupita kumafizo, kumene odwala sitiroko amakaphunzitsidwa kugwiritsanso ntchito ziwalo. M'mawa a Lumo anaitanitsa galasi, sopo ndi lumo.

"Wometa sapita pagulu ngati tchire," anatero.

Anameta tsaya lakumanja mpaka kusalala, nakonza ndevu zapamlomo theka, n'kuika lumo pansi. Tsaya lakumanzere linatsala bii, ndevu za milungu itatu.

"Bambo, mbali inayo."

"Zaka makumi awiri ndikumeta anthu, lero undiphunzitse iwe wa ulusi?"

Singano atayesa kuwagwira, anamukankha dzanja. Anapita choncho. Pabenchi la kuchipatala anthu ankayang'ana kamodzi, n'kuyang'ananso. Achemwali, amene anawapeza komweko, anangoti, "Ngakhale kumeta komwe, alamu?" Singano anafuna pansi patang'ambika.

Mayi wa mafizo anali wamfupi, wovala magalasi, wosathamanga polankhula. Asanayang'ane mwendo kapena dzanja, anayang'anitsitsa nkhope ya wodwalayo.

"Wakumetani ndani, bambo?"

"Ndekha."

"Munamaliza?"

"Bwinobwino. Mukafuna, amuna anu abwere ndidzawakonze."

Mayiyo anajambula chozungulira papepala, nawapatsa cholembera. "Iyi ndi wotchi. Tandilemberani manambala ake onse." A Lumo analemba mosavutika, koma manambala onse khumi ndi awiri anawapanikiza mbali yakumanja. Theka lakumanzere linatsala loyera.

Mayi wa mafizo anatembenukira kwa Singano. "Chakudya amamaliza?"

"Changa amamaliza," achemwali anayankha msanga.

"Ndafunsa akazi awo."

Singano anayang'ana ndevu zija, anayang'ana wotchi ija, ndipo anakumbukira mpunga wodulidwa ngati ndi mpeni. Anayamba kufotokoza: za nyama, za makina osokera, za funso lija la unali kuti. Anatchulanso za mbale imene analanda.

"Inu mumakhala mbali iti ya bedi?"

"Kumanzere."

"Nanga ndiwo mumaika mbali iti ya mbale?"

Singano anaganiza kaye. "Kumanzere. Ndinazolowera choncho."

Mayiyo anagwedeza mutu. "Mverani nonse. Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, ndiye kachigawo kamene kasowa magazi kamawonongeka. Bambowa inawagunda mbali yakumanja ya ubongo. Mbali imeneyo ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanzere, komanso imathandiza munthu kulabadira zimene zili kumanzere kwake. Maso akhoza kukhala abwinobwino, koma ubongo sukuwerengera za mbali imeneyo. Kwa iwowa, kumanzere kulibe nyama, kulibe ndevu, kulibe mkazi. Sakunama, ndipo sakudziwa kuti pali chimene akuphonya. Timaziona kwa odwala ambiri."

"Ndiye kuti sakuchita dala?" Singano anafunsa.

"Taimani apa, kumanzere kwawo." Singano anaima. "Bambo, akazi anu ali kuti?"

"Watulukanso ameneyo. Sakhazikika."

Mayiyo anawagogoda paphewa lakumanzere. "Tembenuzani mutu kumene ndikukugwiraniku. Pitirizani. Pang'ono chabe."

Khosi linatembenuka pang'onopang'ono ngati chitseko cha dzimbiri. Maso a Lumo anafika pa Singano.

"Iwe, walowera pati?"

Palibe anaseka. Mayi wa mafizo anatenga dzanja lawo lamanja, naliyendetsa patsaya lakumanzere. Zala za wometa zinakhudza ndevu, n'kuima.

"Ndayenda mumsewu chonchi?" anafunsa chapansipansi. Kenako, osakweza mutu: "Nanga nyama ija inalipo?"

"Inalipo, bambo."

Achemwali anatsegula chikwama chawo n'kuyamba kufunafuna chinthu chimene sanachipeze. Singano naye manyazi sanamuchoke, anangosintha malo. Tsopano ankaona munthu wanjala pabedi, ndi iye mwini akutaya chakudya kuseri kwa nyumba.

"Mukanatiuza kale," anatero mayi wa mafizo mosakalipa, "milungu itatu iyi tikanaigwiritsa ntchito. Koma sitinachedwe."

"Ndisamutse makina apite kumanja?" Singano anafunsa.

"Ayi, khalani komweko. Madzi akumwa ndi foni muziika kumene angazipeze msanga, koma inu muziwalankhula muli kumanzere, muwagwire paphewa, mudikire mpaka atembenuke. Ubongo umaphunziranso ukamabwerezedwa. Muli ndi nsalu yofiira?"

"Telala angasowe?"

"Dulani timizere. Kena mumate m'mphepete mwa galasi kumanzere, kena patebulo pambali pa mbale. Asanayambe kudya kapena kumeta, azitembenuza mutu mpaka aone chofiira. Dzanja lofookalo muziliyang'anira, chifukwa akhoza kuligonera kapena kuliotcha ndi tiyi osadziwa. Msewu asaoloke okha. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphe tsiku. Ndipo bambo, mitu ya anthu muisiye kaye mpaka tidzakuyezeninso."

"Makasitomala anga akanayenda ndi theka la tsitsi," a Lumo anatero, koma mawu analibe mphamvu.

"Sindikulonjezani tsiku," anamaliza mayiyo. "Ena amasintha kwambiri, ena pang'ono. Koma muzibwera sabata iliyonse, ndipo chachilendo chilichonse muzinena."

Loweruka achemwali anabwera wapansi, opanda galimoto. Analowa m'chipinda, nayang'ana mpando wawo wapachitseko, n'kuunyamula. Anazungulira bedi.

"Alamu, tasunthani pang'ono, nane ndikhale kuno."

Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo Singano anasuntha. Tsiku lomwelo achemwaliwo anapita okha kwa amayi oyandikana nawo aja kukafotokoza za wotchi ndi ndevu, popeza nkhani ya nyama inafika pampopi kudzera pakamwa pa amayiwo.

Sizinayende msanga. Masiku ena a Lumo ankakwiya n'kunena kuti akuwayesa mwana. Masiku ena ankapeza chofiira koma n'kuiwalanso supuni ikangolowa m'mbale. Singano ankawagogoda paphewa, kakhumi, kamakumi awiri, osatembenuza mbale ngakhale mtima ukufuna. "Mpaka chofiira, bambo." Pang'ono ndi pang'ono nthuli zinayamba kutha.

Patatha miyezi iwiri, m'mawa wina, a Lumo anakhala m'mphepete mwa bedi, galasi lili patsogolo. Singano anali pakona pake, akusoka kolala ya malaya a kasitomala. Sanawagwire, sanawakumbutse kanthu. Anamva lumo likuyenda tsaya lakumanja, kenako likuima. Anapitiriza kupalasa makina. Mutu uja unatembenuka wokha, kufika pakansalu kofiira, n'kupitirira.

"Singano."

"Bambo."

"Kolala ukusokayo yapendama."

Singano anaiyang'ana. Inalidi yopendama.

"Yambani mwamaliza ndevu zanuzo," anayankha, akufunafuna kachitsulo komasulira ulusi. Lumo linayamba kuyenda patsaya lakumanzere.

Sitiroko siifooketsa manja ndi miyendo yokha. Imatha kusintha mmene munthu amaonera zinthu, mmene amalankhulira ngakhale khalidwe lake. Wodwala akamadya theka la mbale, akamagunda zitseko mbali imodzi, kapena akamanyalanyaza anthu amene ali mbali imodzi, musafulumire kunena kuti ndi mwano, ndipo musaloze chala womusamalira. Kauzeni a chipatala zonse, ngakhale zimene zikukuchititsani manyazi, ndipo musadumphe masiku a mafizo. Vuto lobisidwa a chipatala sangalithandize.