Ukonde wa Che Twaibu

Hajara anaukoka ukondewo pansi pa bedi n'kuuponya pakhonde, pamapazi pa mchimwene wake Musa. Mpunga wa sadaka ya tsiku lachitatu la maliro a bambo awo unali usanapole n'komwe.

Anati Musa adzionere yekha. Anthu onse kwa Maganga ankadziwa kuti Kulusumu, mkazi amene bambo awo Che Twaibu anakamutenga ku Chipoka atakalamba kale, ankadzuka ndi mpeni m'mawa uliwonse n'kumadula ukonde wa mwamuna wake. Zaka zitatu, mkulu wozungulira mutu akusoka, mkazi akung'amba. Ngati umenewo si ufiti, ufiti ndi uti?

Musa anali kalaliki ku boma. Anabwera kumaliro ndi baji ya chipani pajekete, ndipo pa zaka zitatuzo anaponda pakhomopo kawiri. Anthu otere ndi amene amaweruza. Anafunsa ngati zinali zoona, osamuyang'ana mkaziyo.

Kulusumu anali pa mkeka pafupi ndi chitseko, atafunda nsalu yoyera ya eda, masiku obindikira mkazi wamasiye. Anavomera. Anafotokoza kuti chiyambire kuiwala, bambowo manja akakhala opanda ntchito ankanyamuka kupita kunyanja kukafuna bwato limene anagulitsa kalekale. Kawiri anawavuula madzi ali m'khosi. Anayesa kuwapatsa mlaza kuti aziluka, anautaya, ati ndi ntchito ya akazi. Anayesa kuwapatsa chimanga kuti azitokola, ankachimeza chosaphika. Koma akawayalira ukonde wong'ambika pamiyendo ankakhala phee mpaka pemphero lamadzulo la Asiri, nsingano yansungwi ikuyenda yokha. Ukonde unali umodzi. Akanatani?

Hajara anaseka. Anati nkhani zokoma chonchi n'zimene zinadya nyumba yamalata. Bambo awo ankawatcha iwo ana awo alendo, koma mayi awa okha sanawaiwale. Mankhwala ake ndi a ku Chipoka.

"Sankanditchula dzina langa," anatero Kulusumu. "Ankanditchula la mayi anu. Ine ndinkavomera."

Azakhali awo anayamba kusonkhanitsa mbale mwaphokoso.

Musa anatsokomola. Anati iye sakhulupirira za ufiti, ndi munthu wopita kusukulu, koma kudula ukonde wa msodzi ndi chipongwe chimene ngakhale mdani amachita manyazi nacho. Bambo ake anasandutsidwa choseketsa. Nyumbayi ndi ya ana. Eda ikatha, mayiwo abwerere kwawo.

Kulusumu anati kwawo kulibe munthu, malo anamangapo a njanji. Musa anati zimenezo si zake.

Anawerama kuti aupinde ukondewo, mwina ankaganiza kale za msodzi wougula. Pakati pake panali bowo lalikulu ngati chikhatho cha dzanja, nsingano ikulendewera pa ulusi pomwe mwini wake anaisiya Lachiwiri. Musa anati amaliza yekha, si mwana wa msodzi kodi? Anakhala pa mpando, anakweza manja a jekete, n'kumanga mfundo zinayi. Zinatuluka zonenepa, maso a ukonde atapendekeka.

Kulusumu anayang'ana kwa kanthawi. Kenako anasendera pafupi, anatulutsa mpeni m'chiuno, n'kudula mfundo zinayizo imodziimodzi.

"Mwaonatu!" anakuwa Hajara. "Pamaso pathu!"

"Bambo anu akanakumenyani, Che Musa," anatero Kulusumu. "Tsiku lina anandipeza ndili ndi mpeni womwewu. Ndinaganiza kuti ndafa. Anangoti, 'Uzidula pakati. M'mphepete ndi mophunzirira ana.'"

Musa anayang'ana zala zake. Pa chala chapakati panali fupa lopindika chiyambire pamene bambo ake ankamuphunzitsa kusoka ukonde, limene kuofesi ankati anavulala pa mpira.

"Eda ikatha," anatero. Mawuwo anatuluka otsika, koma anatuluka.

Kulusumu sanapemphenso. Anakokera ukondewo pamiyendo yake, anaukola ku chala chachikulu cha phazi monga ankachitira mwamuna wake, n'kuyamba kutseka bowolo. Mfundo iliyonse ankaikoka kawiri, kenako n'kuiluma ndi mano kuti aone ngati yagwira.