Maenvulopu Asanu ndi Atatu a Lillian

Gulu lawo linali la anthu khumi, ena ku Katete, ena ku Sinda, ena ku Vubwi, ndipo onse anali ndi matenda amodzi: kulemberana makalata masiku ano pamene aliyense ali ndi foni m'thumba. Envulopu sankagula ayi. Ankapinda okha pepala lililonse lakale, kaya kalendala, kaya thumba la mbewu, n'kumata ndi phala la chinangwa, kunja n'kukongoletsa ndi zigamba za chitenje ndi makoko a nsawa. Makalatawo ankawanyamula Webby, dalaivala wa ogula mbewu, amene ankazungulira maboma onse atatu. Miyezi itatu iliyonse ankakumana m'holo ya tchalitchi ku Katete. Mwambo wawo unali wakuti aliyense abwere ndi envulopu yomaliza kulandira isanatsegulidwe, aimatule mbali zonse pamaso pa anzake, aone kuti m'kati mwake ndi pepala lanji. Kuseka kunkakhala pamenepo.

Lillian wa ku Vubwi ankalemberana kwambiri ndi Melody, mphunzitsi wa ku Sinda. Zaka zinayi, kalata mlungu uliwonse. Mwamuna wa Lillian atawolokera ku Mozambique n'kukakwatira kumeneko, Lillian analembera Melody zimene sanauze ngakhale mbale wake wobadwa naye: kuti anamulondola mwamunayo mpaka komweko, nagwada pakhomo pa mkazi winayo kupempha, mkaziyo n'kumangosesabe, fumbi likumulowa Lillian m'kamwa. M'mphepete mwa kalatayo anasokamo mbalame ziwiri ndi ulusi wofiira.

Mbalame zimenezo n'zimene zinamugwetsa. Pa msonkhano wina umene iye sanapiteko kunabwera alendo ochokera ku Chipata kudzaona ntchito za gululo, ndipo Melody, pofuna kuti amutame kuti ali ndi mnzake waluso, anakhoma kalatayo pakhoma ili yotambasula. Mbalame anaziona ndithu. Koma munthu wodziwa kuwerenga maso ake saima pa mbalame. Mlungu usanathe nkhani inali itafika ku Vubwi, ndipo kuchigayo azimayi ankatsitsa mawu Lillian akangotulukira. Wina anachita kumufunsa ngati maondo anapola.

Kupepesa kwa Melody kunabwera pa foni, mizere iwiri: "Sorry asisi, ndinangofuna aone luso lanu." Pa foni! Munthu wa zaka zinayi za makalata analephera ngakhale kupinda kapepala kamodzi.

Lillian sanalire. Mtima unamuwawa mpaka kuuma, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, choti Melody amve mmene zimakhalira anthu akamakuwerenga. Anatulutsa sutikesi pansi pa bedi. Munali makalata onse a Melody, ndipo Melody ameneyu anali ndi cholembera chakuthwa kuposa lumo. M'gulu lonse palibe amene anam'siya. A Abraham, apampando, anawalemba kuti ng'ombe zimene amajambula zimafanana ndi akazi awo. A Idah akuti amaba mapatani a anzawo. A Agatha akuti amalalikira chiyero pomwe mwana wawo wamkazi anakam'bisa ku Lusaka ali ndi mimba. Lillian anasankha mapepala asanu ndi atatu, lililonse ndi mwini wake.

Milungu itatu anakhala pakhonde akupinda, zolembazo m'kati, kunja akusoka ndi kumata. Sanapangepo envulopu zokongola chotere chiyambire. Ya a Abraham anaikapo ng'ombe yonenepa ya chigamba chakuda. Webby atabwera anazitembenuzatembenuza.

"Amai, izi ndiye mwachita kudzipha nazo," anatero.

"Muziperekere m'manja mwa eni ake," anayankha Lillian.

Tsiku la msonkhano Lillian anafika molawirira, atavala chitenje chatsopano. Melody anam'thamangira ndi manja awiri. "Asisi, mwabwera! Ndiye kuti zatha?"

"Zitha lero," anatero Lillian.

Atapemphera, a Abraham anayamba ndiwo monga mwa nthawi zonse. Anakweza envulopu yawo, anthu n'kuombera m'manja ng'ombe ija. Kenako anaimatula ndi mpeni, naitambasula pa tebulo, navala magalasi. Anayamba kuwerenga mokweza akumwetulira, koma pa mzere wachitatu mawu anawathera. Enawo sanadikirenso nthawi yawo. M'holo monse munangomveka kung'ambika kwa mapepala. A Agatha anagwira pakamwa. Panalibe wofunsa kuti walemba ndani, popeza zilembo zopendekera za aphunzitsi aliyense ankazidziwa.

Melody anasuzumira pepala la a Idah amene anakhala nawo pafupi, nkhope n'kumugwa. Anadzuka n'kuyang'ana Lillian.

"Asisi, amenewa anali makalata a inu ndi ine!"

"Nanga yanga ija inali ya anthu a ku Chipata?"

A Abraham anagogoda pa tebulo. Anali atawerenga pepala lawo mpaka pansi. "Amai Lillian," anatero pang'onopang'ono, "apa palembedwa kuti, 'monga munanenera inu mlungu watha.' Ndiye kuti nanunso munkatinena."

"Ndinkakunenani, bambo. Mzere umenewo ndinauona, ndipo sizasi ndinali nayo. Sindinadule."

Ankadziwa bwino lomwe kuti pambuyo pa lero Webby sadzaimanso pakhomo pake ndi envulopu. Zimenezo anali ataziganiza kale pakhonde paja, ndipo anaona kuti mtengo wake ndi wotheka. Munthu amene boma lonse likudziwa pamene anagwada, n'chiyani china chimene angaope?

Melody anatola chikwama chake n'kulunjika kukhomo, mutu uli pansi. Lillian anam'tsogolera, naima pakhomopo, dzanja lili pa chitseko.

"Musathamange, aphunzitsi. A Agatha sanamalize kuwerenga." Mawu ake anali ofatsa, ndipo mumtima anamva kukoma kumene sanakumvepo miyezi yonseyi. "Anandiwerenga ine kulibe, ndinalibe ndi pobisa nkhope pomwe. Inu ndakuchitirani ulemu. Imani pompo, akuwerengeni mukuona."