Mfuti ya Fryson m'holo ya sukulu

Mpingo wa Amalawi ku Manassas, tauni ya ku Virginia kutsidya kwa nyanja, unalibe nyumba yakeyake. Lamlungu lililonse ankapemphera m'holo yodyeramo ana pasukulu ina ya pulayimale, matebulo atawakankhira kukhoma.

Mwamuna wina wachilendo atayamba kumaima pageti n'kumawatukwana, a Saulosi, mkulu wa mpingo, anamukokera pambali Fryson, amuna ena atatu akumva. Fryson anali mlonda wa pasitolo, ndipo chilolezo cha mfuti anali nacho.

"Achimwene, muzibwera nako kachitsulo kanu kaja."

"Koma pano si pasukulu, abambo? Pophunzira za ulonda anatiuza kuti mfuti pasukulu ndi mlandu waukulu. Ine mayeso a unzika wa dziko lino atsala milungu itatu."

"Sukulu Lamlungu? Mwaonapo mphunzitsi muno? Lero ino ndi tchalitchi, ndipo kutchalitchi amalola ngati pali chifukwa chomveka. Ndakhala kuno zaka makumi awiri ine."

Fryson anafufuza malamulo a mfuti pafoni mpaka mutu kuwawa. Virginia zake, Maryland zake, DC zakenso. Za tchalitchi chokhala m'kati mwa sukulu sanapeze chogwirika. Kukanira munthu wamkulu kunamuchititsa manyazi, choncho anayamba kubwera nayo mfutiyo. Komanso, kunena zoona, zinamukomera. Anthu amene ankangomudutsa ngati mpando anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri.

Lamlungu lachitatu kunabwera abusa ochokera ku Lilongwe. Fryson, monga analeredwera, sakanawapatsa moni ali chilili. Anagwada, n'kuwerama, jekete n'kukwera. Mfuti ija poyera mbee! Mayi wogwira ntchito pasukulupo, amene ankawatsegulira zitseko, anaiona. Anatuluka mwakachetechete foni ili kukhutu.

Apolisi analowa nyimbo ili pakati. Anamugoneka Fryson chafufumimba, tsaya pasimenti yonanda, unyolo m'manja. Mkazi wake Jacinta ankangoti "chonde, chonde," Chizungu chitamuthawa.

Wapolisi wamkulu anafunsa ngati alipo amene anamutuma munthuyu kuti azilondera mpingo.

Fryson anadzutsa mutu. "Abambo, auzeni."

A Saulosi anakonza tayi. M'Chizungu chosalala anati mpingo sukudziwapo kanthu, munthuyu amangobwera ngati wina aliyense, ndipo iwo adabwa kwambiri. Kenako, akumwetulirabe, anatsitsa mawu m'Chichewa.

"Iwe, dzina langa lisatuluke pakamwa pakopo. Ine ndili ndi ana ku koleji."

Amuna atatu amene analipo tsiku lomwe a Saulosi ankamupempha anali kuyang'ana nsapato zawo. Abusa aja anatsegula Baibulo.

"Ndinkanena ine," anatero mayi Edna a m'kwaya, mokweza kuti Jacinta amve. "Wolondera mashelefu a sopo kudzatipangira matama muno. Holoyi atilanda chifukwa cha mbuzi imodzi."

Pomutulutsa Fryson, wapolisi anamufotokozera modekha, ngati akuuza mwana, kuti sukulu ndi sukulu basi, kaya ndi Lamlungu kaya muli angelo. Fryson sanafunse za unzika. Anadziwa kale. Ntchito yapita, chilolezo chapita, ndipo akadzatuluka m'ndende mwina adzangomukwezera ndege.

Anamukankhira kumpando wakumbuyo wa galimoto ya apolisi. Chitseko chisanatsekedwe, mayi Edna anafika pafupi, foni atainyamula m'mwamba, akujambula.

"Dzutsani nkhope, alonda," anatero. "Amayi anu ku Balaka akuoneni bwinobwino."