Nkhunda za Apongozi

Shagufta ankadana ndi nkhunda. Sikuti ankangoipidwa nazo ayi, chinali chidani chenicheni, chija munthu amadzuka nacho m'mawa asanasukusule n'komwe. Akayanika zovala padenga lawo lafulati, pofika masana zinali ndi zitosi. Akasefa ufa wa chapati ankapezamo kanthenga. Mwini wa chisokonezo chonsechi anali apongozi ake, a Inayat, nkhalamba yolusa imene mawu okoma inkasungira mbalame zokha basi.

A Inayat anagwidwapo ndi matenda ofa ziwalo, moti mwendo wakumanzere ankachita kuukoka ndipo kamwa linapotoka pang'ono. Koma m'mawa uliwonse ankakwera masitepe opapatiza a nyumba yawo ya m'katikati mwa mzinda wakale wa Lahore, akutukwana sitepe iliyonse, mpaka kukafika padenga. Kumeneko ankatsegula khola, n'kugwedeza nsungwi yomangirira kansanza, nkhunda zija n'kukwera m'mwamba. Akaimba mluzu zinkatembenuka zonse pamodzi. Potsika amakhala ali thukuta kamukamu, njala itawagwira, n'kuyamba kufuula kuti tiyi wachedwa.

"Tsiku lina mudzagwa pamasitepepo, bambo," ankatero Shagufta, "ndiye anthu adzati mpongozi ndiye anawakankha."

"Ukanakhala ndi mphamvu zondikankha bwenzi ukukanda bwino ufa. Chapati chako chimangokhala ngati chikopa cha nsapato."

Kutsidya kwa kanjira kunali denga la a Siraj, mdani wa a Inayat kuyambira ali anyamata. Lamulo la oweta nkhunda aliyense m'deralo ankalidziwa: magulu awiri akasakanikirana m'mwamba, mbalame yotera padenga la mnzako ndi yake, palibe mlandu. Amaidula nthenga za m'mapiko kuti izolowere kwawo kwatsopano, mwini wake akuonerera. Shagufta nayenso lamuloli ankalidziwa bwino lomwe.

M'mawa wina mwamuna wake, Tanvir, anatenga bambo ake kupita nawo kuchipatala kukapimitsa magazi. Shagufta anakwera padenga n'kupeza nsalu yake yatsopano yobiriwira itathimbirira zitosi. Atakweza maso anaona gulu la a Siraj likuzungulira m'mwamba. Sanaganize kawiri. Anatsegula khola, n'kulowetsamo tsache.

"Tulukani! Tiyeni uko, afiti inu!"

Zinatuluka phaphapha, zanjala, popanda woziimbira mluzu. Zinasakanikirana ndi za kutsidya zija, ndipo a Siraj atamwaza mapira padenga pawo, zonse zinatsikira komweko. M'khola munangotsala yaikazi imodzi yotuwa imene inakakamira pamazira ake, tsache likuimenya.

A Inayat atabwerako anakwera masitepe osavula n'komwe nsapato. Shagufta ali kukhitchini anamva mawu a a Siraj akuchokera kutsidya, odzaza ndi chimwemwe.

"Inayat! Alendo ako afika bwino kuno! Akuti kwanuko chakudya n'chosakoma! Badal wako uja ndamumeta kale, akukupatsa moni!"

Badal ndiye anali mtsogoleri wa gululo, yaimuna yakuda khosi imene a Inayat ankaidyetsa pamanja. Shagufta anadikira kuti amve matukwano, koma sikunamveke kanthu. Nkhalamba inatsika pang'onopang'ono, n'kudutsa pakhomo la khitchini osayang'anamo, n'kukagona pabedi nkhope italoza kukhoma.

Masiku oyamba Shagufta anasangalala, tisanamizane. Zovala zinkauma zoyera. Koma apongozi aja sanadzukenso. Tiyi ankazizira pampando, chapati chinkabwerera chosanyemedwa. Mwendo uja unauma gwa, moti ngakhale kuchimbudzi ankafunika kuwanyamula, ndipo wonyamulayo anali yemwe uja anagwira tsache. Dokotala anabwera, anapima, n'kupukusa mutu. Anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo munthu wotere akasiya kuyenda ndi kudya, mankhwala sathandiza. Tanvir anafunsa mkazi wake kuti khola linatseguka bwanji. Iye anati mwina ndi mphaka. Kuyambira pamenepo mwamunayo ankadya maso ali m'mbale.

Chimene chinamuopsa kwambiri Shagufta n'chakuti nkhalamba inasiya kumutukwana. Anayesa kuthira mchere wambiri m'mphodza dala. A Inayat analawa, n'kuika supuni pansi, osanena kanthu. Apa ndiye Shagufta anadziwa kuti munthuyu akufa, ndipo akufa ndi dzanja lake.

Anafunda nsalu kumutu n'kuwoloka kanjira. A Siraj anamulandirira pakhomo, akutokosa m'mano.

"Mwana wanga, nkhunda sapempha ngati shuga. Zinapita kudzera m'mwamba, zibwerere kudzera m'mwamba. Nthenga zikamera ndiziulutsa. Ngati kunyumba kwanuko kwatsala mwamuna, adzaziitane."

"Akudwala, bambo. Akhoza kufa."

"Aliyense adzafa. Ukamuuze kuti ndati wakalamba, apume. Komanso zikomo kwambiri chifukwa cha tsache lija, ndinaona zonse."

Shagufta anabwerera m'makutu mukuchita kutentha. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kudyetsa yotuwa ija, akuitukwana. Mazira anali atasukusa, mbalameyo inkangolira yokha m'khola lalikululo.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina anaona gulu la a Siraj likukwera, ndipo pakati pake panali yakuda khosi ija. Anakumbukira zimene apongozi ake ankachita gulu likakana kutsika: ankagwira yaikazi m'manja n'kuikweza m'mwamba ikukupiza mapiko, kuti mwamuna wake aione. Anatulutsa yotuwa ija, mkazi wa Badal. Inamukala, inamujompha, n'kumunyerera pamkono. Kutsidya a Siraj anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Inayat watuma mkazi! Mayi, imeneyo si nkhuku yokazinga, musaifinye choncho!"

Pamadenga ena panayamba kutulukira mitu. Shagufta anathamangira pamwamba pa masitepe n'kukuwira pansi ndi mawu ake onse.

"Bambo! Mukumva? Badal wanu ali m'mwambamu, inu muli gone ngati thumba la anyezi! A Siraj akuti ndinu mtembo kale! Chabwino, gonani, ine kambalame aka ndikapotokola khosi tidyere chapati!"

Kunali zii. Kenako kunamveka kugwa kwa mpando, ndi mawu osasa amene anali atasowa m'nyumbamo.

"Ukakhudza khosi lakelo ndikuthyola lako! Igwire miyendo, chitsiru iwe, miyendo! Mapiko uwasiye!"

Anabwera chokwawa. Shagufta anawaona akukoka thupi sitepe ndi sitepe, dzanja lamoyo likugwira khoma, mwendo wakufa ukugunda m'mbuyo. Mtima unamuuza kuti atsike akawanyamule, koma anaima pomwepo, mbalame ili m'manja, akuwalalatira kuti achite changu. Atafika padenga anatsamira khola, akupuma ngati athyoka, nkhope ili mbuu. Anayang'ana m'mwamba, n'kusonkhanitsa milomo kuti aimbe mluzu.

Panangotuluka mpweya ndi malovu. Anayesanso. Kamwa lija, litagona milungu yonseyi, linali litapotokeratu. Gulu linali litayamba kutsikira kwa a Siraj, amene ankagwedeza kale chitini cha mapira. Shagufta anaona misozi m'maso mwa nkhalambayo, ndipo zinamupweteka kuposa matukwano onse amene anamvapo.

"Gwirani mbalame yanuyi," anatero, n'kuwapanikiza nayo m'manja. "Umamveka bwanji mluzuwo?"

"Mkazi saimba mluzu padenga."

"Mkazi sanyamulanso apongozi ake kupita nawo kuchimbudzi, koma ndakhala ndikutero. Umamveka bwanji?"

"Wautali kamodzi, kenako waufupi wokwera. Wakhala ukuumva zaka zonsezi, unali wogontha?"

Shagufta anaika zala ziwiri m'kamwa monga ankachitira ali mtsikana kumudzi poitana mbuzi za bambo ake. Mluzu unang'amba mlengalenga moti ngakhale wogulitsa masamba m'kanjira anakweza mutu. A Inayat anakweza yotuwa ija, ikukupiza mapiko.

"Bwereza! Wokwera, ndati wokwera!"

Yakuda khosi ija inapatuka pagulu. Inazungulira kamodzi, ngati ikukayika, kenako inapinda mapiko n'kutsika molunjika, n'kudzatera paphewa pa nkhalamba. Zina zinatsatira, osati zonse, mwina theka, koma pakati pake panali ziwiri zoyera zimene sizinali za pakhomopo. Kutsidya kuseka kunatha. A Siraj anaponya chitini pansi n'kuyamba kutchula makolo a Shagufta mmodzimmodzi.

A Inayat anakhala pansi, Badal ali pachifuwa, akumusisita pakhosi ndi chala, akumunong'oneza zinthu zimene sanauzepo munthu aliyense m'nyumba imeneyo. Kupuma kwawo kunayamba kudekha. Patapita kanthawi anayankhula osatembenuka.

"Mphaka satsegula khola ndi tsache."

Shagufta anapukuta chitosi pamkono.

"Ndili ndi njala," anatero a Inayat. "Bwera nacho chikopa chako chija, ndi tiyi. Ndidyera konkuno."

Shagufta anatembenuka kuti atsike. Asanaponde sitepe yoyamba, nkhalamba inamuitananso.

"Iwe. Zamva mluzu wako tsopano, wanga unapita. Mawa dzuwa lisanatuluke ndikupeze pano."

"Ine? Ndimadana nazo mbalame zanuzi, bambo. Ndimadana nazo!"

"Ndikudziwa. Ubwere ndi mapira."