Zala za Dalaivala

Difu, bokosi la magiya lozunguza matayala akumbuyo a galimoto, inali pabenchi, yophwasula. Mano ake anali atatsukidwa ndi petulo. Galimoto inali panja, pamiyala, yopanda matayala akumbuyo. Inali ya malemu bambo a makaniko wa pagalajapo. Tsopano woiyendetsa anali mng'ono wake wa makanikoyo, amene aliyense pagalajapo ankangomutcha Dalaivala.

Makaniko anali ndi njira yake. Pakati pa maberingi awiri ankaikapo mashimu, timphete tachitsulo topyapyala ngati chikhadabo. Akamanga nati, ankatsinzina n'kupukusa shafiti ndi zala ziwiri. Ikalimba kwambiri, beringi imapsa panjira. Ikakhwepa, difu imalira mpaka mano kuthyoka. Silo yotseka oilo ankaiika pomaliza, chifukwa labala wake amagwira shafiti n'kunamiza zala. Silo ikalowa, kuyeza kwatha.

Anthu ankabwera kuchokera kutali chifukwa cha zala zimenezo. Koma zinali zitayamba kuchita dzanzi. Sanauze munthu.

Anamanga nati. Anatsinzina. Anapukusa. Sanamve kanthu. Shafiti inali ngati waigwira atavala nsapato kumanja.

"Achimwene, mukupemphera?" anatero Dalaivala, atakhala padiramu la oilo.

"Ndikupempherera mutu wakowo."

"Pempherani mwachangu. Mawa ndikusamutsa alamu anu. Mabedi, mbaula, ana pamwamba. Ndipo msewu wake mukuudziwa, chitunda chokhachokha."

Makaniko anatola silo. Anaipaka girisi m'kamwa mwake. Akanatha kuikhoma pomwepo, ndipo palibe akanadziwa. Mwina beringi inali bwino. Mwina ayi. Anaganiza za chitunda chija, difu itatentha, matayala atakana kuzungulira.

Anaibweza silo pabenchi.

"Pukuta manja. Bwera kuno."

"Ine? Si paja munati zala zanga ndi za chiwongolero ndi supuni basi?"

"Gwira apa. Zala ziwiri, osati chikhatho. Sukutsegula mpopi. Tsinzina."

Dalaivala anatsinzina uku akuseka. Anapukusa. Kuseka kunatha.

"Ikulimba. Ndiyenera kuikakamiza."

Makaniko anamasula nati, anachotsa beringi yakunja, nawonjezera shimu imodzi. Inampulumuka kawiri isanalowe. Anamanganso.

"Pano?"

"Aa, yakhwepa. Ikugwedera."

Makaniko anachotsa shimu ija, naika ina yopyapyala kuposa yoyambayo.

"Pano?"

Dalaivala anapukusa kupita uku, kubwerera uku. Anatenga nthawi.

"Ikuyenda. Koma ndikasiya, nayo ikuima. Sikuthamanga yokha."

"Ndi yomweyo. Uikumbukire."

Makaniko anamasulanso, anakhazika silo, naikhoma ndi chidutswa cha paipi, pang'onopang'ono, mozungulira, mpaka inafanana ndi mlomo wa difu. Anamanga nati pamene inali. Kenako anatenga chiguduli.

Dalaivala sankayang'ana difu. Ankayang'ana dzanja la mkulu wake. Shimu ija inali itacheka chala chachikulu. Magazi anali atasakanikirana ndi girisi, akudonthera pabenchi.

"Achimwene, mwadzicheka."

Makaniko anayang'ana chalacho ngati cha munthu wina.

"Ndaona."

 Dalaivala anang'amba chiguduli choyera, namanga chalacho, mfundo ziwiri.

"Lachiwiri kukubwera difu ina," anatero makaniko. "Ya lole. Ubwere m'mawa."

"Ndibwere ndi chiyani?"

"Zala zakozo. Uwenge zikhadabo."