Njere za Malemu Saulosi

Enifa NyaJere anali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Mzimba, ndipo m'zaka za m'ma 1970 aliyense wofuna letesi wabwino pa Boma ankafunsa za iye. Mbewuyo anabwera nayo mwamuna wake Saulosi pochokera ku migodi ya ku Joni, itakulungidwa m'kapepala. Saulosi atamwalira, Enifa anapitiriza kusiya mitu ingapo chaka ndi chaka kuti ichite maluwa, n'kumasunga njere m'kabotolo.

Chaka china letesi uja anakana. Masamba ankatuluka amawangamawanga, achikasu, okwinyika, ndipo mitu sinkamanga. Enifa anathira manyowa, anawaza phulusa, anasamutsa mabedi, koma ayi ndithu. Anafika poleka kupita kumsika chifukwa cha manyazi.

Tsiku lina m'mawa kunafika mlangizi wa zaulimi, a Bennet, ochokera ku Dedza. Anatsamiritsa njinga pamtengo, nagwada pabedi n'kutembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake kunali tinsabwe tobiriwira tili waa.

"Amama, mbewu mumagula kuti?"

"Sindigula, adada. Ndi ya malemu amuna anga."

A Bennet anadzuka n'kunena kuti, "Nthaka yanu ilibe mlandu. Matendawa ali m'njere. Mbande zina zimamera zili zodwala kale, ndiye nsabwezi zimayamwa zodwalazo n'kukapatsira zinzake. Mankhwala ake kulibe. Chapafupi n'kuzula zonse, kutentha, n'kugula mbewu ina."

Enifa anayankha mwaukali kuti, "Mbwenu nditaye chinthu chokhacho chimene anandisiyira? Zimenezo ndiye ayi!"

Mlangiziyo sanaumirire. Anati si njere zonse zimene zili ndi matenda, mwina zochepa chabe, koma kusankha zabwinozo kumafuna maso ndi mtima wolimba. Anamuuza kuti akafese kutali ndi dimba lakalelo, ndipo mbande iliyonse yokayikitsa aziizula tsiku lomwelo, osaimvera chisoni.

Enifa anatentha letesi yense wodwala, misozi ikulengeza. Kenaka anapempha kamalo kumtunda kwa mlamu wake, kumene kunalibe wolima ndiwo zamasamba, nafesa theka la njere za m'kabotolo zija. Madzi ankachita kusenza pamutu kuchokera kudambo. M'mawa uliwonse ankagwada n'kuyang'ana mbande imodziimodzi. Ya mawanga ankaizula n'kukaikwirira patali. Nsabwe zikangooneka, ankawaza madzi a sopo ndi fodya, ndipo udzu sankaulola kumera pafupi.

Masiku ena ankazula zambiri mpaka bedi kuoneka ngati mutu wa chipere. Koma zotsalazo zinakula, masamba ali biriwiri, mitu yolimba ngati chibakera. Yokongola kwambiri sanaidule. Anaisiya kuti ibereke njere.

Chaka chotsatira a Bennet anabweranso. Anayenda bedi lonse atawerama, napeza mbande ziwiri zokha zodwala.

"Amama, mwandiposa ine wa kusukulu," anatero akuseka. "Mwezi wamawa ndibwera ndi alimi a ku Euthini, mudzawaonetse mmene mumasankhira."

"Yewo chomene, adada. Koma muwauze abwere ndi zitenje zakale," anatero Enifa akusasa dothi m'maondo. "Ntchito iyi njogwada."